Ulusi pa phula: luso la a Wixárika a ku Mexico

Amayi ndi abambo, takhalani pansi tiyambe. Mwamva nonse za pamsika sabata yathayi. Matabwa atatu a ulusi ochokera m'gulu lathu lino, okhala ndi gwape wokopera pafoni, anayamba kumatuka dzuwa lisanafike paliwombo. Wogula atafunsa kuti gwapeyo akutanthauzanji, panalibe woyankha. Za kumatukazo tikonza lero lomwe, koma chachiwiricho ndicho chikundiwawa. Tengani luso, zizindikiro za eni ake muzisiye.

Eni ake a lusoli ambiri amawatcha a Huichol, koma iwo amadzitcha a Wixárika. Amakhala m'mapiri a Sierra Madre Occidental, makamaka m'zigawo za Jalisco ndi Nayarit ku Mexico. Poyamba sankapanga zogulitsa ayi. Ankapanga timatabwa ting'onoting'ono totchedwa nierika, n'kumata ulusi pa phula, n'kukatisiya kumalo opatulika ngati pemphero. Matabwa akuluakulu mukuwaona pafoniwa anafala cha m'ma 1960, ndipo Ramón Medina Silva ndi mmodzi mwa amene anayamba kuikamo nthano zathunthu za makolo. Pambuyo pake José Benítez Sánchez, amene anamwalira mu 2009, anatchukitsa lusoli mpaka kunja.

Gwape mwakoperayo ndi Kauyumari, mkhalapakati wa anthu ndi milungu yawo. Moto amautcha Tatewari, agogo awo. Kachomera kozungulira kopanda minga kamene kamaoneka pa matabwa awo ndi hikuri, kamene amakakafuna ku Wirikuta, malo awo opatulika a m'chigawo cha San Luis Potosí, ulendo wa makilomita mazanamazana. Mwana akakhala pambali pa bambo ake akumata ulusi, amafunsa kuti uyu ndani, ndipo nthano imalowa pomwepo. Inu mwangoona mitundu yowala basi, n'kuthamangira kukagula wulu. Abale, tizifunsa kaye!

Eya mayi, nenani. Akuti: “Poti eni akewo akugulitsa, ife talakwa pati?”

Funso labwino. Iwo akamagulitsa, ambiri amalemba kumbuyo kwa thabwa zimene chithunzicho chikunena, n'kusaina. Wogula amatenga thabwa ndi nkhani yake yomwe. Ndalamayo imadyetsa banja, imathandizanso pa miyambo ndi ulendo wa ku Wirikuta uja. Malo omwewo anayenera kuwamenyera nkhondo kuyambira mu 2010, boma litapereka ziphaso za migodi ya siliva. Tsono wokopera akagulitsa motchipa, amawalanda msika n'kusiya chizindikiro chopanda mawu. Mu 2022 dziko la Mexico linakhazikitsa lamulo loteteza chikhalidwe cha mitundu ya eni nthaka ku mchitidwe woterewu. Taganizani, munthu wakutali atasema chigoba cha Gule Wamkulu osadziwa ngakhale dzina lake, n'kumagulitsa ngati chokongoletsera pabalaza, mungamve bwanji? N'chifukwa chake ndikubwereza: luso tengani, zizindikiro muzisiye. Ikani chimanga chanu, chambo, mtondo ndi munsi, nthano za agogo anu, zimene mungafotokoze wogula akafunsa.

Ndikuona kumbuyoko mwayamba kuyang'ana kumsewu, ndiye tifulumire. Ulusi unamatuka chifukwa munagwiritsa ntchito kandulo. Kandulo ikazizira imauma gwa, sigwira kanthu. Iwo amasakaniza phula la njuchi ndi utomoni wa paini, kapena phula lomata lotchedwa cera de Campeche, la njuchi zosaluma. Yambani ndi pulayiwudi ya masentimita 30 mbali zonse. Fewetsani phula padzuwa, mulipake ndi chala mopyapyala, paliponse mofanana. Likachita kusungunuka limalowa mu ulusi n'kuudetsa, likazizira ulusi sukakamira, ndiye lingofewa ngati dongo loumbira. Lembani chithunzi pa phulapo ndi msomali. Matani m'mphepete mwa thabwa kaye, kenako mizere ya chithunzi, mudzaze m'kati, malo otsala pomaliza. Dinikizani ndi chikhadabo, ulusi ugundane ndi unzake, phula lisaoneke. Musaukoke, umabwerera n'kudzuka pokhota. Wulu wopyapyala ndiye amatulutsa tizinthu ting'onoting'ono bwino. Mukamaliza, thabwa lisakhale padzuwa kapena pafupi ndi mbaula, ndipo pamsika muziliika pamthunzi, fumbi likakakamira silichoka. Kumbuyo lembani tanthauzo ndi dzina lanu. Gwape uja ayi, tamvana? Amene muli ndi ming'oma ya njuchi mubweretse phula Lachinayi, tidzayesere limodzi.