Kodi Luso Lili ndi Masitepe Ake?

Zikomo apampando. Amayi, abambo, achinyamata nonse, ndakupatsani moni. Kumbuyoko mukundimva? Chabwino. Mafoni aja tiyambe tawaika m'thumba, chifukwa nkhani ya lero yachokera m'mafoni momwemo.

Nonse mwauona uthenga uja ukuzungulira pa WhatsApp, wonena kuti munthu aliyense waluso amadutsa masitepe 7, ndipo wosadutsa mmenemo alibe mphatso. Mwatumizirana ndithu, musakane. Ndiye pagulu pathu pano anthu awiri aleka kubwera. Wina amalemba ndakatulo, wina amapeka nyimbo. Mayina sinditchula. Wa ndakatuloyo anauza anzake kuti iye amayamba ndi mzere womaliza n'kumabwerera m'mbuyo, ndiye poti pa uthenga paja palibe sitepe yotero, basi, iye si mlakatuli. Kope anataya. N'chifukwa chake a komiti andipempha kuti ndiyankhulepo.

Ndabwera ndi mawu amodzi okha, ena onsewo ndi ongoperekeza. Musasiye ntchito yanu chifukwa choti njira yanu yasiyana ndi ya papepala.

Nkhani ya masitepe siinayambe ndi mafoni ayi. Mu 1926 mphunzitsi wina wa ku London, Graham Wallas, analemba buku lonena za mmene munthu amaganizira, ndipo anagawa ntchitoyi panayi. Choyamba kukonzekera, kutanthauza kuwerenga, kuyesa, kulimbana nalo vutolo. Chachiwiri kulisiya kaye, ukuchita zina. Chachitatu kutulukira kwa ganizo, kuja kumangoti mbee mwadzidzidzi. Chachinayi kuliyesa ganizolo ngati lilidi labwino. Mindandanda yambiri imene mumaiona masiku ano ndi zidzukulu za magawo anayi amenewa. Ena amawonjezera atatu kuti aoneke ngati apeza zatsopano.

Nanga Wallas anazitenga kuti? Zambiri anazitenga m'zimene akatswiri awiri anafotokoza okha: Hermann von Helmholtz wa ku Germany, ndi katswiri wa masamu wa ku France, Henri Poincaré. Nkhani ya Poincaré ndi yokoma, tamverani. Anaifotokoza ku Paris mu 1908. Akuti ali mnyamata ankalimbana ndi samu ina yovuta. Kenako ananyamuka ku Caen kumene ankakhala, kupita pa ulendo wokaona miyala ndi anzake, samu ija n'kuiiwala. Atafika ku Coutances, akuti angoponda phazi kukwera ngolo yonyamula anthu, yankho linangobwera lokha. Sanatulutse n'cholembera chomwe, anangopitiriza kucheza.

Apa ndi pamene achinyamata mumandikhumudwitsa pang'ono. Mukamva nkhani imeneyi mumangotolapo ngoloyo. Mumaiwala kuti munthu yemweyu ananena kuti poyamba anatha masiku 15 akukhala patebulo ola limodzi kapena awiri tsiku lililonse, kuyesa ichi, kuyesa icho, osaphula kanthu. Mumaiwalanso kuti atabwerera ku Caen anakhala pansi n'kuyesa ngati yankho lija linali loona. Ine ndikafunsa kuti nyimbo ija ili pati, wina amati, "Ndikudikira kuti ganizo libwere." Likubwera kuchokera kuti, achimwene? Mwaikamo chiyani m'mutumo choti chituluke? (kuseka) Musaseke, ena mwa inu gitala yachita fumbi.

Tsono chimene anthu otumiza mauthenga aja sakuuzani n'chakuti Wallas mwiniwakeyo analemba kuti magawowa amalowana. Munthu akhoza kukhala akukonzekera chinthu china, kwinaku china wachisiya kaye, chinanso akuchiyesa. M'zaka za m'ma 1930 mayi wina wofufuza za maganizo ku America, Catherine Patrick, anaitana alakatuli, kenako ojambula, n'kuwapempha kuti azilankhula mokweza zonse zimene akuganiza uku akugwira ntchito. Anapeza kuti zinthu zinayi zija zimaonekadi, koma sizikhala pamzere mwaulemu ayi. Wina amakonza mzere woyamba wachiwiri usanabadwe. Wina ganizo limamubwerera ali kale mkati mokonza. Ndiye mnzathu uja woyamba ndi mzere womaliza walakwa chiyani? Palibe. Musasiye chifukwa njira yanu yasiyana ndi ya papepala.

Palinso china chimene ndikufuna muchenjere nacho, ndipo apa ndichedwapo. Nkhani zambiri za anthu otchuka zinafotokozedwa ntchito itatha kalekale. Munthu akafika kumene amapita, mukamufunsa njira amakulozerani yowongoka, pomwe iye anasochera katatu. Sikuti akunama, wangoiwala. August Kekulé, katswiri wa sayansi amene anatulukira mu 1865 mmene mankhwala otchedwa benzene anapangidwira, ananena kuti anawodzera n'kuona njoka ikuluma mchira wake. Koma nkhani ya njokayo anaifotokoza pagulu mu 1890, patapita zaka 25.

Ya Mozart, wopeka nyimbo wotchuka wa ku Austria, ndiye yoposa. Pali kalata imene yakhala ikuwerengedwa m'mabuku ambiri, yonena kuti iye ankamva nyimbo yonse m'mutu nthawi imodzi, kulemba kunali kungokopera. Kalatayo inatuluka mu 1815, mwiniwake atamwalira kale mu 1791, ndipo akatswiri ofufuza anapeza kuti ndi yabodza, sanalembe ndi iye. Mapepala ake oyeserera alipo, ofufutafufuta. Mu 1785, popereka nyimbo zake 6 kwa mnzake Haydn, iye yemwe analemba kuti zinamutengera nthawi yaitali ndi thukuta. Beethoven, wopeka nyimbo winanso wotchuka, ndiye anasiya masamba masauzande a zoyeserera. Ndakatulo ina ya mlakatuli Schiller ankafuna kuiikira nyimbo kuyambira cha m'ma 1793, koma anthu anadzaimva ku Vienna mu 1824. Zaka 30! Inu kope mwataya patatha mwezi umodzi.

(Mayi wina aimika dzanja: "Pepani abambo, ndidule pang'ono. Nanga aja amapeka pomwepo? Munthu amangoimirira, nyimbo n'kumatuluka, osakonzekera, osafufuta. Zanu zinayizo zili pati pamenepo?")

Zikomo mayi, khalani pansi. Funso limeneli ndi lolemera, ndipo sindilithawa.

Poyamba ndikuvomerezeni. Pa munthu wopeka pomwepo, gawo lija lolisiya kaye palibe. Alisiya nthawi yanji, anthu akudikira? Ndiye ngati wina akuti magawo onse anayi amapezeka paliponse, chitsanzo chanuchi chamugwetsa. Ine ndili mbali yanu pamenepo.

Koma pa kusakonzekera ndiye tisiyana. Taonani oimba jazz, amene ntchito yawo ndi yomweyo yopeka ali pa siteji. Munthu ameneyo watha zaka zala zake zikuyenda pa limba tsiku ndi tsiku, wamvera anzake, waloweza tinjira tambirimbiri ta mawu. Akakhala pamaso pa anthu sakutola mumlengalenga, akutapa m'zimene anasunga. Kukonzekera kwake kunachitika, koma inu kunalibe, n'chifukwa chake mukuona ngati matsenga. Mupatseni limba munthu amene sanaligwirepo, mumuuze kuti apeke pomwepo, mumve zimene zituluke.

Za kufufuta, pali kafukufuku wosangalatsa. Mu 2008 Charles Limb ndi Allen Braun ku America anatenga oimba jazz 6, n'kuwagoneka m'makina ojambula ubongo, aliyense ndi kalimba kakang'ono kopangidwira zimenezo. Ankawauza kuti aimbe zoloweza, kenako apeke zawozawo. Popeka paja, mbali ina ya kutsogolo kwa ubongo, imene imathandiza munthu kudziyang'anira ndi kudziletsa, inkachepetsa ntchito. Anthu 6 ndi ochepa, musapite kukalalikira kuti sayansi yatsimikiza zonse. Koma zikugwirizana ndi zimene oimba amanena okha, kuti ukamapeka sungamadzidzudzule nthawi yomweyo, ungaume. Tsono kudzudzulako kumapita kuti? Kwina kunachitika kale poyeserera, pamene anataya zimene sizimveka bwino. Kwina kumachitika m'khutu, mawu akatuluka molakwika iye amawakhotetsa ndi otsatirawo. Kwina amachita ndi omvera: akazizira, mawa sabwereza. Ndiye mayi, kusankha kulipo, kwangosamuka malo. Mwakhutira? Akuti pang'ono. Pang'onopo ndilandira.

Ndiye mukandifunsa kuti chofanana kwa onse n'chiyani, kwa wosema, wosoka, wolemba, wa masamu, ine ndimaona ziwiri zokha zimene sindinaonepo zikusowa. Munthu amayamba wadzaza m'mutu ndi m'manja zinthu za ntchito yakeyo. Ndipo penapake amasankha, ichi nditenga, ichi nditaya. Zinazo, kulisiya kaye, kudzidzimuka ndi ganizo, kuyamba ndi mutu kapena ndi mchira, zimasiyana munthu ndi munthu, ngakhalenso munthu mmodzi yemweyo lero ndi mawa. Awa ndi maganizo anga, mukhoza kunditsutsa. Koma musasiye chifukwa njira yanu yasiyana ndi ya papepala.

Kanthu kamodzi kokha katsala, kamene pa uthenga uja palibe. Mu 1964 ku Chicago, Jacob Getzels ndi Mihaly Csikszentmihalyi, dzina lovuta, musandiuze ndibwereze, anatenga ophunzira kujambula 31. Anaika zinthu zosiyanasiyana patebulo n'kuwauza kuti asankhe, ayale, ajambule. Ena anangotola ziwiri zitatu n'kuyamba. Ena anachedwa, kugwira ichi, kuchitembenuza, kuchibweza, kusintha maganizo ali mkati mojambula. Oweruza anapeza kuti zithunzi za ochedwawo ndi zimene zinali ndi zachilendo, ndipo atawalondola patapita zaka, ambiri amene zinkawayendera pa ntchito yojambula anali a gulu lomwelo. Ndiye ngati mumachedwa kudziwa chimene mukufuna kupanga, musadzione ngati mbuli.

Ndikuona ena ayamba kuyasamula, ana nawonso atopa. Ndithamange. Ndipo musalembe kuti awa ndi masitepe anga, mawa n'kuwatumiza pa WhatsApp. (kuseka)

Gwirani ntchito yanu pafupipafupi, ngakhale tsiku limene mulibe ganizo. Zoyeserera musataye, lembani deti pamwamba, musunge. Mukakakamira pamalo amodzi, dzukani mukachite zina, koma dziikireni tsiku lobwererapo, chifukwa ena "kulisiya kaye" kwawo kwatha chaka. Polemba koyamba musadziweruze, lembani mpaka kumapeto, kuweruza mawa. Pangani ziwiri kapena zitatu za chinthu chimodzi kuti mukhale ndi posankha. Muonetseni munthu mmodzi amene saopa kukuuzani zoona, osati amene amangoti zili bwino. Foni muzikhala nayo pafupi yojambulira mawu, oimba inu, ganizo silichedwa kuthawa.

Uthenga uja musautumizenso. Amene mumagwirizana ndi anzathu awiri aja mukawauze kuti tikuwafuna pa msonkhano wotsatira, ndipo wa ndakatuloyo abwere ndi ija yoyambira kumapeto, adzatiwerengere. Aliyense adzabwere ndi chinthu chimodzi chosamaliza, pamodzi ndi zofufutafufuta zake zonse. Apampando, nthawi ndadya yambiri, ndabweza kwa inu.