Madzi a ku Fukushima akuthiridwa m'nyanja: amawayeza ndani?

Moni nonse, a ku Mbare, a ku Mufakose, a ku Highfield, ndi inu amene mukutionera muli kumudzi ku Malawi. Musataye makerele a mu furiji chifukwa cha vidiyo iyi. Ambiri amene timagula muno mu Harare amachokera ku Namibia, kutali kwambiri ndi Japan. Koma khalani nane mpaka kumapeto.

Pa 11 Marichi 2011, chivomezi ndi mafunde a tsunami zinaononga malo opangira magetsi a nyukiliya a Fukushima Daiichi ku Japan. Ma reactor atatu (ng'anjo za nyukiliya) anasungunuka mkati, ndipo mpaka lero amawathira madzi kuti asatenthe. Madziwo amatuluka ali ndi poizoni wa radiation, ndiye anawasunga m'mathanki oposa 1,000, matani pafupifupi 1.3 miliyoni. Pa 24 Ogasiti 2023 kampani ya TEPCO, imene imayendetsa malowa, inayamba kuwathira m'nyanja ya Pacific kudzera mu ngalande ya pansi pa nyanja yotalika kilomita imodzi. Ntchitoyi idzatenga zaka pafupifupi 30.

Asanawathire amawasefa ndi makina otchedwa ALPS, amene amachotsa mitundu 62 ya zinthu zotulutsa radiation. Tritium ndiye amakana. Iyeyu ndi mtundu wa hydrogen, ali m'thupi la madzi enieniwo, ndipo sefa sangalekanitse madzi ndi madzi anzake. Choncho amawasakaniza ndi madzi ambiri a m'nyanja mpaka tritium atsike pansi pa ma becquerel 1,500 pa lita (becquerel ndi muyezo wa radiation). Muyezo wa bungwe la WHO pa madzi akumwa ndi 10,000.

(Pa sikirini: boti panyanja, anthu akukoka mabotolo a madzi.)

Taonani apa. Boti limapita pamalo omwe anaikiratu chizindikiro, amatunga madzi, botolo lililonse amalilemba tsiku ndi malo, kenako ulendo wa ku labu. Akapeza ma becquerel oposa 700 pa lita m'dera la makilomita atatu kuchokera pamalopo, amayenera kutseka mipope.

Kwa ine, kuyeza madzi okha sikokwanira, ndipo akatswiri amadziwa zimenezi. N'chifukwa chake amakololanso matope a pansi, amazula ndere za m'nyanja, amagwira nsomba n'kuzitumbula kuti aone zimene zalowa m'mnofu. Mu Meyi 2023, kuthira kusanayambe n'komwe, nsomba ina yogwidwa m'kati mwa doko la pamalopo inapezeka ndi caesium, chinthu china chotulutsa radiation, wokwana ma becquerel 18,000 pa kilogalamu. Lamulo la Japan limalola 100 basi. Poizoni ameneyu amakhazikika m'matope, tizilombo ta pansi timamudya, nsomba n'kudya tizilomboto. Madzi a pamwamba angaoneke abwino pamene pansi pali nkhani ina.

Nanga mwiniwake wa zinyalala angadziyeze yekha ife n'kumukhulupirira? Ayi. Bungwe la IAEA, loona za mphamvu ya nyukiliya padziko lonse, linatsegula ofesi pamalopo, limatenga zoyeza zake, zina n'kuzigawira ma labu a mayiko ena kuti aone ngati manambala akugwirizana. Mu Julayi 2023 linanena kuti dongosololi likutsatira miyezo ya chitetezo ya padziko lonse. China sinakhutire. Inaletsa nsomba za ku Japan tsiku lomwe kuthira kunayamba, ndipo mu 2024 akatswiri ake anapita kukatunga okha madziwo. Ine ndimati kulimbikira kotere n'kwabwino, chifukwa maso akachuluka chinyengo chimasowa pobisala.

Tsono tiyang'ane kwathu kuno. Madzi a pampopi muno mu Harare amachokera kwambiri ku Lake Chivero. Vuto lake si radiation, ndi zonyansa za m'masuweji. Mu Disembala 2024 zipembere zinayi zinafa zitamwa madzi a m'menemo, ndipo usodzi unaletsedwa. A TEPCO amaika zotsatira zawo pa intaneti, aliyense atha kuziwerenga pafoni n'kuzitsutsa. Amayi ogula nsomba ku Mbare Musika ayenera kukhala ndi mwayi womwewo pa madzi a Chivero: anayezedwa liti, anayeza ndani, anapezamo chiyani.