Laputopu yanu sinathe, chatopa ndi disiki

Zikomo a tcheyamani, zikomo amayi, abambo ndi achinyamata nonse. Ndaona ena mwanyamula malaputopu m'zikwama, mwachita bwino.

Ndani pano amayatsa laputopu m'mawa, n'kupita kukatereka madzi a tiyi, pobwerako n'kupeza ikadazungulirabe? Eya, manja akwera ambiri. Ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kusunga ndalama zogulira ina. Dikirani kaye. Ine ntchito yanga ndi yokonza makompyuta, ndipo malaputopu ochedwa amene amafika patebulo langa, ambiri vuto lawo limakhala limodzi: hard disk, chipangizo chosungira mafayilo m'kati mwa laputopu.

Ndabweretsa imodzi, ndaitsegula dala. Patsiranani m'mizeremo. Mukukaona kambale konyezimirako? Kamazungulira maulendo 5400 pa mphindi imodzi, ndipo kamkono kali pamwambapo kamathamangira uku ndi uku kusaka pomwe fayilo yanu inalembedwa. Windows ikamayaka imafuna timafayilo tambirimbiri tomwazikana, ndiye kamkonoko kamakhala ngati munthu wotola mpunga wotayikira pansi, kanjere kamodzikamodzi. Kuchedwa konse kuja n'kumeneko.

Tsono iyi ndi SSD, disiki yamakono yoika m'malo mwa hard disk. Igwedezeni, simumva kanthu, chifukwa mulibe choyenda m'katimo. Imasunga zinthu m'timachipu ngati mmene imachitira fulashi kapena memore khadi ya m'foni. Hard disk ya laputopu imawerenga pafupifupi 100MB pa sekondi, SSD wamba imapitirira 500MB, ndipo posaka timafayilo ting'onoting'ono tija ndiye siziyerekezeka n'komwe. Chinanso chotikhudza ife kuno: laputopu timakwera nayo kabaza, timadutsa nayo m'misewu ya mabampu. Hard disk ikagundidwa ili yoyaka, kamkono kaja kamakanda mbale, mafayilo n'kuwonongeka. SSD ilibe mbale yoti ikandike.

Musanathamangire kusitolo, yezani kaye. Dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, mutsegule Task Manager, mupite pa Performance. Mukaona Disk yakakamira pa 100% pomwe simukuchita chilichonse cholemera, wolakwa wapezeka. Koma ngati chadzadza ndi Memory, ndiye kuti RAM, memore yomwe kompyuta imagwiritsa ntchito poyendetsa mapulogalamu, nayonso ikuchepa. Ya 4GB masiku ano imapanikizika, ikafika 8GB imapuma bwino.

Apa mvetserani bwino, chifukwa ndi pomwe anthu amatayira ndalama. Ma SSD sali amtundu umodzi. Pali ya 2.5 inchi ya SATA, yofanana kukula ndi hard disk ndakuonetsaniyi. Imeneyi ndiyo imalowa m'malaputopu akale ambiri a HP, Dell ndi Lenovo amene timagula ogwiritsidwa kale ntchito. Pali ina yotchedwa M.2, kakang'ono kotalika ngati chala. Mukaona palembedwa 2280, akutanthauza mamilimita 22 m'lifupi ndi 80 m'litali. Ma M.2 nawonso ali pawiri, SATA ndi NVMe, ndipo laputopu ina imalandira mtundu umodzi wokha ngakhale winawo utalowa m'malo mwake. Tembenuzani laputopu, lembani nambala ya modelo ili kunsiko, mupite nayo kwa wogulitsa. Timalaputopu tina totchipa tili ndi chosungira mafayilo chotchedwa eMMC chowotcherera pabolodi, chimenecho sichichoka, musavutike nacho.

Kukula kwake, 256GB ikukwanirani pa makalata, malipoti ndi ntchito za kusukulu. Ojambula maukwati ndi osunga mavidiyo, yambirani pa 512GB. Gulani yomata m'paketi mwake, ndipo risiti musaisiye, popeza zachinyengo ziliko.

Tsopano chimene chimandiwawa mtima. Kunabwera mayi wina, mphunzitsi, atapereka laputopu yake kwa munthu wina kuti aisinthe disiki. Munthuyo anafufuta zonse osafunsa. Malikisi a ana, zithunzi za malemu amuna awo, zonse zinapita. Ndinayesetsa, ndinapulumutsa zochepa chabe. Chonde, munthu asanakhudze sikuluu ngakhale imodzi, koperani mafayilo anu pa fulashi kapena disiki ina, ndipo muwatsegule muone ndi maso anu kuti alimodi. Ngati disiki yanu ndi yokhoma ndi BitLocker, loko wa Windows wotetezera mafayilo, lembani papepala manambala a kiyi wake.

Kusinthako sikovuta. Zimitsani laputopu kwathunthu, zulani chaja, chotsani batire ngati limachoka. Gwirani chitsulo kaye kuti magetsi a m'thupi asapsereze bolodi. Jambulani ndi foni musanamasule chilichonse, timasikuluu muziika m'kambale, chifukwa tikagwera pansi sitipezeka. Kenako pali njira ziwiri. Mutha kukopera disiki yonse yakale kupita ku yatsopano ndi pulogalamu ngati Clonezilla, kapena kuika Windows yatsopano kuchokera pa fulashi ya 8GB. Ine ndimakonda yachiwiriyi, chifukwa zinyalala ndi mavairasi a zaka zambiri amatsalira komweko.

Bambo kumbuyoko afunsa ngati n'zoona kuti Windows 10 inasiya kuthandizidwa. Zoona bambo, Microsoft inasiya kuithandiza pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 imafuna kachipangizo kotchedwa TPM 2.0 komwe malaputopu akale ena alibe. Yanu ikakanidwa, Linux Mint, yomwe imagwira ntchito m'malo mwa Windows, ndi yaulere, ndipo pa SSD imathamanga bwino.

Hard disk yakaleyo musataye. Igulireni kabokosi ka USB, isanduke nkhokwe yanu. Muifunadi, chifukwa hard disk ikamafa nthawi zambiri imayamba yalira kuti tiki tiki, pomwe SSD imatha kungozima tsiku limodzi osatsanzika. Pakutha pa mwezi uliwonse, koperani zofunika zanu m'menemo.

Amene mwabwera ndi malaputopu, bwerani nawo kutsogolo kuno mmodzimmodzi, tiwatembenuze tione manambala. Tiyambe ndi amayi avala chitenje chobiriwirawo.