Makalata anu: malo a chifundo m'khoti

Kalata yoyamba yachokera ku Zomba, kwa bambo amene amathandiza anthu pa nkhani zamalamulo. Akuti:

"Achimwene, auzeni omvera kuti munthu akapezeka wolakwa, woweruza amamupatsa mpata wodandaula asanapereke chilango. Ambiri amangoti alibe mawu, ena amayambiranso kukana mlandu, mpatawo n'kupita. Apa m'pofunika kunena zogwirika: kuti n'koyamba kupalamula, zaka zako, kuti unavomera mlandu osavutitsa khoti, kuti katundu anabwezedwa kwa mwini wake, ndi miyezi imene wakhala kale pa limandi. Ngati ukudwala, achibale abweretse buku la kuchipatala, chifukwa mawu okha salemera. Gawo 340 la lamulo la kayendetsedwe ka milandu limati wopalamula koyamba asatumizidwe kundende pokhapokha khoti litaona kuti palibe chilango china choyenera. Koma wina ayenera kulikumbutsa."

Zikomo bambo, mwalasa. Ndiwonjezere kuti pa milandu ing'onoing'ono khoti lingathe kulamula munthu kukagwira ntchito yaulere pasukulu kapena pachipatala akugona kwawo. Amene sangakwanitse kulipira loya apite ku Legal Aid Bureau mlandu usanafike pa chigamulo.

Mayi a ku Kasungu nawo alemba mosapsatira:

"Chifundo chanucho n'cha wakuba yekha? Khoti lili ndi mphamvu yolamula chipukutamisozi, koma wobedwayo akapanda kupereka malisiti kapena mtengo wa zimene zinatayika kwa woimira boma pamlandu, amabwerera chimanjamanja."

Amayi, mwanena zoona, ndipo langizo la malisitilo aliyense alisunge. Koma kumva dandaulo la wolakwa sikufufuta mlandu. Kumbukirani chigamulo cha mu 2007 pa mlandu wa Kafantayeni, mkaidi amene anagamulidwa kuti aphedwe. Kale aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha ankagamulidwa kuti aphedwe, woweruza alibe chosankha. Khoti Lalikulu linati zimenezo zikutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko lino. Silinathetse chilango cha imfa, koma linati aliyense amvedwe payekha. Wopha pofuna kuba ndi mayi amene anapha mwamuna womuzunza zaka zambiri onse ndi olakwa, koma ine sindingavomere kuti alandire chilango chofanana. Kuyambira mu 2015 akaidi oposa 100 amene anagamulidwa kuti aphedwe anamvedwanso, ndipo ambiri anatulutsidwa atakhala kale zaka zochuluka m'ndende.