Makalata a omvera: pulayala yatha ma ampu ku Mangochi kuno

Takulandirani omvera, kaya muli pa boma pano, ku Namwera, ku Malindi, ku Makanjira kapena ku Monkey Bay, nthawi yanu ya makalata ija yakwana. Ena munapempha kuti zomwe timayankha pa wailesi tizilembanso pano chifukwa nthawi ya pologalamu mumakhala muli panyanja, ndiye ndi izi. Thumba la sabata ino lalemera ndithu, ndipo chodabwitsa nchakuti ambiri mukulira kanthu kamodzi, kanati kopyapyala kaja kamene kamagwira voliyumu pa chitsulo cha kutsogolo kwa ampu, chokuzira mawu chija, kapena mikisa yosakanizira mawu.

Ndiyambe ndi yachidule. Mayi wina wa ku Koche akuti wailesi yawo ukamapotokola voliyumu imalira khwe khwe khwe, ndiye mwana wawo akufuna kudonthezamo mafuta ophikira. Mayi, muletseni mwanayo, mafutawo mukazingire usipa. Limenelo ndi fumbi chabe, pamafunika sipuleyi yotsukira zamagetsi ija amati contact cleaner, mupopere pang'ono pa kabowo ka voliyumuyo wailesi ili chizimire, kenako muipotokole uku ndi uku kangapo, itha.

Tsopano kalata iyi ndi imene yandigwira mtima, yachokera kwa mnyamata wa ku Namwera, ndiiwerenga mmene ilili. Akuti: "Ankolo, ine ndimasamala zokuzira mawu pa mzikiti wathu, sindilipidwa, ndimangothandiza. Voliyumu ya maiki pa ampu inayamba kugwedera ndi kudula mawu ndiye ndinagula ina kuti ndisinthe. Ndinagwira nati ndi pulayala koma imangoterereka, yakanda penti mpaka manambala afufutika, makona a natiyo atha onse ndipo sikutuluka. Pano maiki yomwe inkamveka pang'ono ija yasiyiratu. Akuluakulu akuti ndaononga katundu wa anthu, ena akuti ndinaba china chake mkatimo. Lachisanu layandikira, ndichite bwanji?"

Mphwanga, choyamba pepa. Ndipo akuluakulu inu ngati mukumvera, mwana amene amadzuka mbandakucha kukayatsa ampu osalandira ngakhale ya sopo musamutchule wakuba chifukwa cha nati, mkati mwa ampu mulibe choti munthu angabe nkukagulitsa pa msika wa Namwera, ine ndikukana. Munamugulira chida chanji choti agwirire ntchito? Palibe. Ndiye mumayembekezera chani.

Koma nawe mphwanga ndikudzudzuleko pang'ono, pulayala si ya nati imeneyo. Natiyo ndi yopyapyala kwambiri, mwina mamilimita awiri basi, ndiye mano a pulayala amangoluma nsonga za makona, ukafinya amawadya, ukapotokola imaterereka nkukalemba mzere pa penti. Sipanala yosintha kukula ija nayonso ndi chimodzimodzi, kukamwa kwake kumasewerasewera, komanso ma voliyumu pa ampu amakhala moyandikana ndiye ilibe malo ozungulira. Chomwe chimafunika ndi chida chogwira makona onse 6 nthawi imodzi, komanso chobowoka mkati, chifukwa kamtengo ka voliyumu kamatuluka kutalika ndithu ndiye soketi wamba yaifupi imagunda pa kamtengoko isanafike pa nati. Mukapita ku hadiweya funsani nut driver yobowoka mkati, kapena soketi yaitali ija amati deep socket, kapena chotchipa kuposa zonse, sipanala ya paipi ija imakhala ndi saizi mbali zonse ziwiri, ya mamilimita 10 ndi 11. Imeneyi ogulitsa masipeya a njinga zamoto nthawi zambiri amakhala nayo.

Bwanji 10? Ma voliyumu ang'onoang'ono ambiri a mu ma ampu ndi mamikisa amene tili nawo kunowa khosi lake ndi la mamilimita 7 ndipo nati yake imalowa 10, ena okulirapo amafuna 11. Ndiye ka sipanala kamodzi kameneko kakuthandiza pa ntchito zambiri.

Pali kachinsinsi kena kamene amisiri ambiri sakauza ana awo a ntchito. Soketi zambiri kukamwa kwake anakuseteka mopendekeka kuti izilowa msanga pa bawuti, ndiye pa nati yopyapyala ngati iyi mbali yosetekayo ndi imene imakhala pa nati, osagwira kanthu, nkumaterereka ngati pulayala yomweyo. Tenga fayilo kapena upite kwa owotcherera zitsulo akupalire kukamwako kukhale fulati. Ukatero mata selotepu ya pepala ija ya opaka penti mozungulira voliyumuyo pa chitsulo, kapena dula kakatoni kopyapyala uboole pakati uvekepo, penti siikandika. Ndipo usaikepo chogwirira chachitali chija cha amakanika, zungulitsa ndi dzanja basi kupita kumanzere, iyi si nati ya teyala la lole.

Nanga maiki yasiyiranji kumveka? Apa ndipamene ndikufuna umvetsetse kuti ukawafotokozere akuluakuluwo. Pamene unkalimbana ndi nati kutsogolo, thupi lonse la voliyumu kumbuyo linkazungulira nalo, ndipo miyendo yake itatu ija inawotchereredwa pa bodi ya zamagetsi ya mkatimo kapena pa mawaya. Ndiye mtovu wothyoka kapena waya wosomphoka ndi umene wadula mawu, ine ndikuganiza choncho, si kuti ampu yafa. Ma voliyumu ambiri amakhala ndi kadzino kolowa pa kabowo ka chitsulo kuti asazungulire koma kamathyoka kapena osintha ena amakadula dala. Chifukwa chake potsegula nati dzanja linalo lizigwira thupi la voliyumu kumbuyo. Koma usanalowetse dzanja mmenemo zula pulagi pakhoma, osangozimitsa switch ayi, ndipo udikire kaye chifukwa ma capacitor akuluakulu aja, ooneka ngati tizitini mkatimo, amasunga moto ngakhale wazula, usakhudze miyendo yake ndi chala kapena ndi chitsulo.

Nati yothayo utulutse chonchi. Poti voliyumuyo ukuitaya kale usaimvere chisoni. Phimba chitsulo ndi kamalata kopyapyala koboola pakati, tenga kafayilo kakang'ono upale natiyo mbali imodzi pang'onopang'ono mpaka itatsala pang'ono kuduka, kenako lowetsa sikuludalaiva yafulati pa mpatapo uipotoze, ithyoka yokha. Tizidutswa ta chitsuloto tisagwere pa bodi, yala kansalu mkatimo. Yatsopanoyo uyang'ane kuti zolemba zake zikufanana ndi yakale, ngati yakale inalembedwa A10K usaike B10K, nambala ndi yomweyo koma A ija ndi imene mawu amakwera bwinobwino mmakutu, ya B mawu amalumpha msanga ukangopotokola pang'ono kenako osasinthanso kwenikweni. Pomanga yamba ndi zala mpaka nati itakhala pansi, usaiwale washala, kenako ka sipanala kako kangokoka pang'ono basi, mazinga ake ndi ofewa ukaumiriza atha. Ngati kuwotcherera mtovu sukudziwa, nyamula ampuyo upite nayo kwa mmisiri pa boma, ntchito yake siidya tsiku, Lachisanu anthu amva.

Tipitirize. DJ wina wa ku Monkey Bay akuti kanobu ka pulasitiki kogwira popotokola voliyumu kakukana kuzuka, wayesa kutema ndi mpeni. Achimwene yang'anani kaye mmbali mwake, ngati pali kabowo ndiye kuti muli kasikulu kofuna allen key yaing'ono kapena sikuludalaiva yopyapyala, ngati palibe kulungani kansalu kunsi kwake mukokere mmwamba molunjika. Mpeni ubwerere ku khitchini.

Woimba gitala pa tchalitchi china ku Malindi akuti 10 yakana, 11 yakana, 12 yakananso. Bambo, zida zopangidwa ku America zambiri zimayendera ma inchi, nati yake ndi ya theka la inchi, imene ndi mamilimita 12.7, ndiye 13 ilowa koma momasuka pang'ono, muzungulitse mofatsa. Nati ya pobayira waya wa gitala paja nayonso nthawi zambiri ndi saizi yomweyo.

Wometa wina wa ku Makawa akufunsa ngati sipanala ya pulagi ya njinga yamoto ingagwire poti nayo ndi yobowoka. Maganizo abwino koma yakula, zambiri ndi 16, ingovina pamenepo.

Ndisanamalize ndilankhuleko nanu amisiri anzanga, chifukwa makalata enawo sindiwerenga onse koma nkhani yake ndi imodzi, ndinapereka ampu kwa mmisiri yabwera ili mabala okhaokha, ina ma nobu atatu palibe, ina voliyumu anaimata ndi guluu chifukwa nati anaitaya. Zimenezi zikutichotsa ulemu. Munthu uli ndi benchi pa msika, chikwangwani chachikulu cholemba kuti timakonza ma TV, ma ampu, mafoni, koma chida chako ndi pulayala imodzi yomwe umamasulira nati, kudulira waya, kukhomera msomali ndi kutsegulira Fanta. Ndikudziwa ndalama yavuta, sindikukana, koma mtolo wa data mumagula sabata iliyonse, ka sipanala ka 10 ukagula kamodzi kakhala nawe mpaka ana ako. Ndipo katundu amene mumalandirayo si wa munthu mmodzi, ampu ya pa mzikiti kapena pa tchalitchi anthu anasonkha, azimayi ogulitsa mandasi anaponyamo, ya wa vidiyo sho ndi imene imadyetsa banja lake. Nanunso eni katundu, mukamakakamira mmisiri wotchipa kwambiri uja nkumuimirira pamutu kuti fulumira ukwati wayamba, musadabwe akatenga pulayala. Ndipo amene mumabwereka zida osabweza, mukudzidziwa, sinditchula mudzi lero.

Yomaliza yachokera ku Makanjira, bambo wina akuti wamasula ma nobu onse pa mikisa koma nati sakuziona, akufunsa ngati anamubera. Ayi bambo, mamikisa ena ma voliyumu ake alibe nati, anangowotchereredwa pa bodi, chimene chimagwira chitsulo ndi masikulu ndi nati za mobayira mawaya. Musakoke mwamphamvu, fufuzani sikulu yomwe yatsala, ndipo jambulani chithunzi ndi foni musanazule ma nobu ena kuti mitundu yake musadzaisokoneze pobwezera. Enanu amene mwafunsa za ma sipika ong'ambika ndi ma inveta tikumana sabata ya mawa.