Bwana ali ku Dar, maso ake ali pa Katoto

Moni nonse, a ku Dar, a ku Joni, ndi inu muli kumudzi. Ndikujambula ndili m'thiraki pano pa Luwinga, ndipo lero mundipirire, mtima ukuwawa.

Ndafika mu Mzuzu masana ndi kontena yopita ku Lilongwe. Ndinapatuka pang'ono pa Katoto kuti mayi andione, andipatsireko ufa ndi usipa. Sindinamalize n'komwe kuwapatsa moni, foni ngiriii! Bwana, ali mu ofesi ku Dar es Salaam uko, akuti chabweretsa galimoto yanga kunja kwa M1 n'chiyani? Akuti adula malipiro. Mayi atagwira thumba la ufa, akungondiyang'ana.

Inu simunagwirepo chiwongolero, mvetserani. M'galimotomu muli kabokosi ka GPS. Pa kompyuta yawo anajambula mpanda m'mbali mwa msewu, ukangoutuluka uthenga wafika. Kamanena liwiro, kamanena mabuleki, m'thanki munso muli china chowerenga dizilo. Pa kontena a kasitomu (a msonkho wa katundu) amamangaponso loko yawo yamagetsi pochoka padoko, kuti katundu wodutsa asatsitsidwire m'njira. Zikalata masiku ano zimatsogola pa ASYCUDA, makina a pa kompyuta a kasitomu, pa boda ya Songwe amakudziwa usanawoloke kuchokera ku Kasumulu, mbali ya Tanzania. Zimenezo sindikana, zinatichotsera zikwama za mapepala, ndipo akuba amaganiza kawiri.

Koma kabokosi komweka kanaona usiku uja ndinagona pamzere wa sikelo yoyezera mathiraki ku Vigwaza, ku Tanzania, udzudzu ukundidya. Kanaonanso masiku amene ndinakhala padoko kudikira kontena. Ndalama yodikirira ija ili kuti? Pamenepo bwana kompyuta yake imachita khungu! Achimwene amene mukufuna kubwera kuno, musasaine kontirakiti musanafunse za kudikira ndi za kudula malipiro. Funsani, alembe, musunge pa foni. Musachite manyazi poti ndinu mlendo, Chiswahili chanu chikhale chothyokathyoka koma funsani basi. Anzathu ambiri akulira chifukwa anangoti zikomo bwana.

Ine phiri la Kitonga ku Tanzania ndimatsika mvula ikugwa, Chiweta ndimakwera ndi katundu wodzadza, wina wokhala pa mpando wozungulira azindiphunzitsa msewu wa kwathu? Ufa uja ndanyamula ndithu, uli kuseri kwa mpandoku. Mawa m'bandakucha ndilowera ku Chikangawa, kukakhala chifunga ndiyenda pang'onopang'ono, aimbenso ngati akufuna.