Mpeni wa ku Sakai umadutsa m'manja mwa amisiri atatu

(Chithunzi: mpeni wautali ukudula mnofu wa nsomba)

Mwaona? Wangokoka kamodzi, kwatha. Palibe zocheka uku ndi uku ngati nyama ya pachiwaya. Mpeniwu umatchedwa yanagiba, ndipo lero tikupita kumene umasulidwa: ku Sakai, pafupi ndi mzinda wa Osaka ku Japan.

Chimene chinatchukitsa Sakai ndi fodya. Inde abale, fodya yemweyu. Apwitikizi atafika naye ku Japan m'zaka za m'ma 1500, panafunika mipeni yodulira masamba ake tizidutswa topyapyala. Ya ku Sakai inaposa ina yonse, mpaka boma la Tokugawa, lomwe linadzalamulira Japan, linayamba kuidinda chizindikiro chake.

(Chithunzi: m'chipala muli mdima, ng'anjo ili psuu)

Mdimawu ndi wadala. Wosula amadziwa kutentha kwa chitsulo poona mtundu wake, ndiye kuwala kwa dzuwa kungamusokoneze. Akutenga zitsulo ziwiri, chofewa chotchedwa jigane ndi cholimba chotchedwa hagane. Amathira ufa wothandiza kumata pakati pake, n'kuziwotcha mpaka madigiri pafupifupi 1,000, kenako nyundo, phaa! phaa! mpaka zikhale chimodzi.

Ziwiri chifukwa chiyani? Chitsulo cholimba chimathwa kwambiri koma sichichedwa kubenthuka. Chofewa sichithyoka msanga koma chimabuntha. Ndiye cholimbacho chimakhala kukamwa kwa mpeni, chofewacho n'kumachichirikiza. Kunolanso kumaphweka.

Tsopano taonani apa. Wapaka dothi lamadzimadzi, wawotchanso, n'kuuviika m'madzi. Tswee! Akalakwitsa pang'ono, mpeni ung'aluka, ntchito yonse yapita. Mipeni ya honyaki, yosulidwa ndi chitsulo cholimba chokhachokha, ndiyo imang'aluka kwambiri pamenepa. N'chifukwa chake mtengo wake umachititsa chizungulire.

Wosula akamaliza mbali yake, mpeni umapita kunyumba ina, kwa wonola, amene amaukhutiza pamwala waukulu wozungulira wothiridwa madzi. Ine ndimati mmisiri ameneyu sitimutamanda mokwanira. Amanola mbali imodzi yokha, ndipo kumbali inayo ya mpeni amakumbako pang'ono kuti kulowe m'kati. Kakuloweka kameneko, urasuki, kamathandiza kuti nsomba isamamatire. Ngati ndinu wamanzere, gulani wamanzere, wamanja ukuvutitsani.

Wachitatu amaika chogwirira, nthawi zambiri cha mtengo wopepuka wa ho, chokhala ndi mphete ya nyanga ya njati.

(Chithunzi: mipeni itatu pathebulo)

Uwu wonenepa ndi deba, wotumbulira nsomba ndi kudula mutu. Uwu ndi usuba, wa ndiwo zamasamba. Yanagiba mwauona kale.

Mukaupeza mpeni wotere, chonde, musaunole pasimenti ya pakhonde. Umafuna mwala wake wonolera wamadzi. Ndipo mukadula tomato kapena mandimu, pukutani pompo, chifukwa mukausiya wonyowa kuti mukadye nsima, mukaupeza utayamba kale dzimbiri.